Tinaika Bokosi Chammbali

Kwathu munthu akamwalira m'mawa, dzuwa likamapendeka amakhala atagona kale kumanda. Sitisunga maliro ndipo sitigula bokosi. Timamusambitsa, kumukulunga m'sanda yoyera, kumunyamula pa jeneza, chithatha cha maliro cha kumzikiti, ndipo tikafika kumanda amuna a pabanja amatsikira m'dzenje kukamulandira ndi manja. Amamugoneka chakumanja, mutu kunyanja, nkhope kuyang'ana kibula, mbali imene Asilamufe timayang'ana popemphera, kenako amamasula mfundo ya kumutu n'kukhudzitsa tsaya lake padothi. Ntchito imeneyi ndinawagwirira bambo anga, mayi anga ndi alamu anga, ndipo sindinkaiopa. Koma pa mwana wa achemwali anga, msilikali amene anafera ku Congo, inandikanika. Mpaka lero ikundiwawa.

Ine ndine mlongo wa mayi ake, amjomba ake monga timanenera kuno, ngakhale msinkhu sitinasiyane kwambiri. Bambo ake anamwalira iye akadali pasukulu, achemwali n'kutsala ndi mwana mmodzi yekhayo ndi thandala loyanikapo usipa. Ine ndimakonza mainjini a maboti pagombe lathu, kufupi ndi Nkhudzi, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti mtima wanga ndi wapachala. Mwanayo sanatengere ine. Chinali chimunthu chachitali, chamapewa otambalala, chotha kusenza injini chokha kuchokera m'boti mpaka pansi pa mtengo pomwe ndimagwirira ntchito, koma mawu ake unkachita kuwasaka. Nkhuku ya pa Idi ankabwera nayo kwa ine kuti ndiizinge, iye n'kuyang'ana kumbali.

Sukulu anamaliza ndi satifiketi yongodutsira pakhomo. Analowa m'gulu la asodzi a ukonde wa chilimira ngati anzake onse, koma nyanja sinamukonde. Mwera ukangoyamba ankasanza mpaka ndulu, anzake n'kumamuseka kuti anabadwira kunyanja molakwitsa. Chimene manja ake ankadziwa ndi kusoka ukonde. Ankakhala pamchenga, ukonde ataukola ku chala chachikulu cha kuphazi, tsiku lonse osayankhula ndi munthu, ndipo pamene wasoka iyeyo sipankang'ambikanso. Koma nsomba zinali zitayamba kale kusowa. Maboti ankapita kutali n'kubwera ndi zongokwana ndiwo, ndipo mwini ukonde amene sanaphe kanthu salipira wosoka. Anakayesa ulonda pa loji ina ku Nkopola, koma alendo akachepa nyengo yadzinja, oyamba kuuzidwa kuti akapume kaye anali alonda.

Atamva kuti kuboma akulemba asilikali, anapita osauza munthu. Anakathamanga pabwalo lolemberapo asilikali ali wopanda nsapato, ndipo anamutenga. Ine nditamva ndinakalipa mpaka oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Ndinamufunsa kuti munthu wolephera kuzinga nkhuku mfuti akaigwira bwanji. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma, kenako anati, "Amjomba, nyanja yatha. Mayi adzadya mchenga?" Ndinangomutukwana kuti ndi wamakani ngati malemu bambo ake.

Achemwali ankapempha Mulungu kuti amuike kwa asilikali a panyanja a ku Monkey Bay, azibwera kudzadya kunyumba. Iye ankapempha Mulungu yemweyo kuti asamuikenso pamadzi. Pemphero la mwana ndi limene linamveka, anamutumiza ku kampu yakutali, kumtunda. Akabwera patchuthi ankabweretsa shuga, sopo ndi chitenje cha mayi ake, n'kuvula nsapato zazikulu zija, kuvala kabudula wakale, kupita kugombe kukafunsa amene ali ndi ukonde wong'ambika. Sanakwezedwe udindo, ndipo sindikhulupirira kuti ankaufuna. Atamusankha kupita ku Congo, za ukwati ankati akaziona akabwerako, atawamangira kaye mayi ake nyumba yosadontha.

Ali kumeneko ankatumiza mawu pafoni yanga, ine n'kukawamvetsa achemwali. Ankanena za kuzizira kwa m'mapiri, za matope, ndi zoti kumenekonso kuli nyanja yokhala ndi tinsomba tofanana ndi usipa koma topanda kukoma. Ankati anzake amamubweretsera maneti a udzudzu obooka kuti awasokere, n'kumulipira ndi mabisiketi. Za nkhondo sanatchulepo. Tsiku lina m'mawu akewo munamveka kugunda kumbuyo, achemwali n'kufunsa kuti n'chiyani. Anayankha kuti ndi mabingu, ndipo ife tinavomera chifukwa tinkafuna kuvomera.

Galimoto ya asilikali inafika m'mawa wina mvula itangokata. Ine ndinali nditamasula injini ya munthu pamkeka, ndipo ndinamva kulira kwa achemwali ndisanaone galimotoyo. Ndinapeza akuluakulu awiri a yunifolomu atakhala pakhonde, zipewa zili pamawondo. Anati mwana wathu wafa pa nkhondo, thupi lake libwera, tidikire. Ndinafunsa kuti libwera liti. Anati posachedwa.

Pamene ine ndinali pakati pa alendowo ndi achemwali amene anali atakomoka, anyamata a kumzikiti anamva kulira, anafunsa kuti wamwalira ndani, anatenga makasu n'kupita kumanda. Palibe anawatuma ndipo palibe anawaletsa. Ndi momwe timachitira kuyambira kale, chifukwa maliro athu sadikira. Pamene ndinkakumbukira za iwo masana, anali atamaliza zonse, ngakhale kangalande kopapatiza ka pansi kamene timagonekamo munthu chammbali, ndi timitengo totsekera atadula kale n'kuunjika pambali. Ndinawafunsa kuti akumbira ndani, poti mwini wake ali kudziko la eni. Ndinawatchula mayina amene sindingalembe pano. Anangoima ndi makasu awo, matope mpaka m'mawondo, akuyang'ana pansi. Sanalakwe kanthu, anachita zimene makolo awo anawaphunzitsa.

Manda okumba sagonera, aliyense kuno amadziwa. Akulu ena anati tikwirire, tiikemo thunthu la nthochi monga ankachitira akale. Ashehe anakana kuti zimenezo si za chipembedzo. Ena anati tikwiriranji poti asilikali anena kuti posachedwa, mwina mawa lomwe lino. Tinavundikira ndi malata akale, kutsindira ndi miyala. Mawa linafika, mkuja unafika, sabata inatha, ina n'kutsatira. Mvula ikagwa dzenjelo linkadzaza, ndipo ine ndi anyamata aja tinkapita ndi zidebe kukakapa madzi monga timachitira m'bwato. M'mbali munkagumuka, ife n'kumakonzanso. Anthu anayamba kunong'ona kuti manda apululu amaitana munthu. Mayi wina wokalamba atamwalira m'mudzimo, abale ake anabwera mwaulemu kudzapempha kuti agwiritse ntchito dzenje lokumbakumbalo. Achemwali anakana. Anati imeneyo ndi nyumba ya mwana wawo, akabwera asapeze mwalowa wina.

Olira maliro anayamba kuchepa, ndipo sindiwaimba mlandu. Munthu sungasiye munda ukumera udzu chifukwa cha maliro opanda mtembo. Ufa unatha, nkhuni zinatha, pakhomo panatsala achemwali ndi amayi awiri atatu okalamba. Ine ndinkaimba foni kwa mmodzi wa akuluakulu a asilikali aja mpaka ndinayamba kuchita manyazi. Iye ankayankha mofatsa nthawi zonse kuti njira kumeneko yatsekeka ndi nkhondo, ndipo akuyesetsa. Ndinkafuna andiyankhe mwachipongwe kuti ndipeze womukalipira, koma sanatero.

Achemwali anali atagula kale sanda, ataipinda n'kuiika pansi pa pilo. M'mawa uliwonse ndikapita kukawaona, nkhani inali imodzimodzi. Akazi kwathu safika kumanda, amatsalira pakhomo jeneza ikamanyamuka. Choncho ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, akabwera mumusambitse ndi manja anu. Mumuyang'ane kumaso, muone kuti ndi iyeyo. Tsaya lake mulikhudzitse padothi. Ine kumeneko sindifika, maso anga ndinu." Ndinkalonjeza. Sindinkangoti Mulungu akalola ayi, ndinkalumbira ndithu, chifukwa sindinkaona chimene chingandiletse.

Tsiku limene anatiuza kuti akubwera, tinadzuka ndi kukonza zonse. Tinamanga kampanda ka mphasa kuseri kwa nyumba kosambitsiramo, amayi anatenthetsa madzi, jeneza tinakaitenga kumzikiti. Mudzi wonse unabweranso, ndi ena ochokera ku Monkey Bay ndi kutauni amene sitinkawadziwa n'komwe. Lole inafika dzuwa litakwera, asilikali n'kutsitsa bokosi lokutidwa ndi mbendera. Linali bokosi lokongola, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo. Ambiri mwa ana a m'mudzi mwathu kanali koyamba kuona bokosi la maliro pafupi chotero, ndipo ankakankhana kuti aone bwino.

Ndinauza mkulu wa asilikali kuti alowetse bokosilo kumpanda kuja titsegule. Anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti bokosi limeneli silitsegulidwa. Anati m'kati muli china chachitsulo chomata, ndipo lamulo la achipatala likuti liikidwe momwe labwereramu. Apo ndiye mtima wanga unaphulika. Ndinamuuza kuti mwana anamutenga wamoyo, tsopano akufuna kumusunganso ali wakufa. Ndinamuuza kuti boma lili ndi ana ambiri koma achemwali anali ndi mmodzi. Ndinapita kunyumba kwanga n'kubwera ndi thumba langa la zitsulo, ndikunena mokweza kuti ine ndimamasula mainjini tsiku ndi tsiku, bokosi la matabwa silingandikanike. Anthu ambiri anali kumbali yanga. Akulu a kumzikiti ankati chiyambire manda athu sanalandirepo bokosi, ndipo Msilamu sapita kwa Mulungu wake osasamba.

Amene anandiimitsa anali msilikali wamba, wamfupi, woyenda motsimphina, mkono uli m'bandeji. Anandigwira malaya n'kupita nane kuseri kwa lole. Anati iye ndi Mkhristu wa kumpoto, ndipo ankagona tenti imodzi ndi mwana wathu. Anandiuza kuti bomba linagwera m'dzenje lobisalamo momwe mwana wathu anali ndi mnzake wina. Kuwomberana sikunaleke, moti panapita masiku asanathe kufikapo, dzuwa likuwomba, mvula ikugwa. Anati madokotala ndi amene anadzawalekanitsa awiriwo. Sindinafunse kuti anawalekanitsa bwanji.

"Amalume," anatero, "potola ndinalipo. Musatsegule. Mukatsegula, mayi aja adzakufunsani zimene mwaona."

Ndinaima kuseri kwa loleyo ndi sipanala m'manja ngati chitsiru. Ndinkafuna kumumenya mnyamatayo, ndinkafunanso kumukumbatira. Iye ankalira mosatulutsa mawu, akupukuta mphuno ndi bandeji. Ndinaika sipanala m'thumba, ndinapita kwa ashehe n'kuwanong'oneza zimene ndamva.

Ashehe anauza anthu kuti Mulungu sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake, ndipo pamene madzi sangafike, pemphero limafika. Akulu ena anang'ung'udza koma palibe anatsutsa poyera. Ndinalowa m'nyumba kukatenga sanda. Achemwali anaitulutsa pansi pa pilo n'kundipatsa, akundiyang'ana kumaso, koma ine ndinayang'ana nsaluyo. Phokoso la panja anali atalimva, koma sanafunse kanthu. Tinayala sandayo pamwamba pa bokosi, asilikali n'kubwezera mbendera yawo pamwamba pake. Tinaswalira bokosilo, kulipempherera pemphero la maliro, pabwalo la mzikiti. Madzi aja anazizira m'ndowa kumpanda, ndipo jeneza inatsala yopanda kanthu itatsamira khoma.

Kumanda kunali vuto lina limene palibe analiganizira m'masabata onse aja. Dzenje lathu linali la munthu wa m'sanda. Bokosi silikanalowa, ngakhale pakamwa penipeni pa dzenjelo. Asilikali anali atafola kale ndi mfuti zawo, woimba lipenga ali chire, ndipo onse anayenera kudikira padzuwa pamene anyamata aja ankadumphiramo ndi makasu kukuza manda amene anawasamala nthawi yonseyi. Kangalande kaja anakagumula. Timitengo totsekera, timene tinali titayamba kale kuphuka masamba pomwe anatiunjika, anatikankhira kutchire. Dothi linali lonyowa, lolemera, ndipo ntchitoyo inatenga nthawi. Kunkangomveka makasu.

Atamaliza, mkulu wina wa kumzikiti anafunsa funso limene linali m'mtima mwanga. Anati munthu wa m'bokosi amagona chagada, kuyang'ana kumwamba, nanga kibula aiona bwanji? Ashehe anati palibe njira ina, bokosilo ligonekedwe chammbali, mbali ya kumanja pansi. Mkulu wa asilikali anatsegula pakamwa kuti akane, ndipo ndinaona kuti m'mabuku awo mulibe zotere. Anayang'ana ine, anayang'ana msilikali wa bandeji uja, kenako analamula anyamata ake kuti achotse mbendera aipinde, iye n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Ndinavula nsapato n'kutsikiramo ndi asuweni anga awiri. Analitsitsa ndi zingwe, ife tikulilandira. Linali lolemera, ndipo kulemerako kunanditonthoza pang'ono, chifukwa ndinkati ndi thupi lija losenza injini. Tinaliika mutu kunyanja, kutsata mbali yake yotambalala ya kumapewa, n'kuyamba kulipendeketsa pang'onopang'ono kuti chivundikiro chiloze kibula. Litafika pakati, china chake m'katimo chinatsetsereka n'kukagunda m'mbali. Sikunali kugunda kwa munthu wamkulu. Kanali kaphokoso kakang'ono, ngati zitsulo zikasuntha m'thumba langa lija. Ndinazindikira kuti kulemera konse kuja kunali kwa matabwa ndi chitsulo.

Asuweni anga anamva, ndikudziwa, chifukwa mmodzi anasiya kupuma. Sitinayang'anane. Anthu a pamwamba sanamve kanthu, ashehe ankapitiriza kuwerenga. Tinatsira zibuma kumsana kwa bokosilo kuti lisabwerere chagada. Kenako ndinagwada kumutu, pamene ndimayenera kumasula mfundo, koma panalibe mfundo yomasula. Ndinapisa dzanja pansi, pamene tsaya likanakhala, ndipo ndinakhudza vanishi woterera. Ndinatapa dothi lonyowa n'kulipaka pamenepo. Sindikudziwa ngati zimenezo zili m'chipembedzo, koma manja anga anafuna chochita.

Atanditulutsa, asilikali anawomba mfuti zawo kumwamba, ana n'kuthawira m'chimanga. Lipenga linalira. Mkulu wa asilikali uja anandipatsa mbendera yopindidwa bwino ndi chipewa cha mwana wathu kuti ndikapereke kwa mayi ake, ndipo ananena mawu abwino okhudza kulimba mtima ndi kutumikira dziko. Sindikuwakumbukira. M'makutu mwanga munali kaphokoso kaja basi.

Achemwali ndinawapeza m'nyumba atakhala pamkeka, miyendo atatambasula, amayi ena atawazungulira. Atandiona anauza amayiwo kuti atuluke. Ndinaika mbendera ndi chipewa pambali pawo, koma sanazikhudze. Anayang'ana matope a m'mawondo mwanga.

"Mwamusambitsa?"

Ndinati ayi, bokosi silinatsegulidwe, ashehe alola kuti tiike choncho.

"Tsaya lakhudza dothi?"

Ndinafotokoza kuti bokosi taligoneka chammbali, layang'ana kibula bwinobwino, ndipo dothi ndapaka ndi dzanja langa. Ndinalankhula zambiri, za zingwe, za mfuti, za unyinji wa anthu, ngati kuti mawu akachuluka adzatseka pamene panali pobooka. Anandisiya mpaka ndinatopa.

"Ndiye kumaso simunamuone."

"Sindinamuone, achemwali."

Anasalaza mkeka ndi chikhatho. Kenako anafunsa mofatsa, mopanda mkwiyo, ngati akufunsa mtengo wa usipa. "Nanga mwaika ndani, achimwene?"

Za kuseri kwa lole ndi za m'dzenje sindikanatha kuwauza, ndipo bodza loti ndamuona sindikanalinena m'nyumba ya maliro. Ndinatuluka kukasamba matope ndi madzi amene tinatenthetsera mwana wawo.

Sadaka tinachita, anthu anadya mpunga, anapempherera malemu. Achemwali anakhala nawo pamwambo wonse osatsutsa kanthu. Boma linachita mbali yake, nyumba yosadontha ija inamangidwa, ndipo amagonamo okha. Mbendera ili m'sutikesi. Funso lija sanandifunsenso, koma sindinawamvepo akutchula mwana wawo kuti malemu. Amati "uja anapita ku Congo". Galimoto yachilendo ikaima pamsewu amasiya chimene akuchita n'kuimirira, kenako amakhalanso pansi. Zimenezi zimandipweteka kuposa kulira, ndipo nthawi zina zimandikwiyitsa, koma sindidziwa kuti ndikwiyire ndani.

Chaka chatha anadwala kwambiri chifuwa, ndipo ndinawaperekeza kuchipatala ku Mangochi. Pobwerera m'minibasi, titapanikizana pampando wakumbuyo, anandiuza kuti sanda yawo agula kale, ili pansi pa pilo. Ndinawakalipira kuti asiye kulankhula zopanda pake, mankhwala alandira, achira. Sanandimvere. Anandigwira dzanja momwe ankandigwirira masabata aja.

"Tsiku langa likadzafika mudzatsikiremo ndinu," anatero. "Musanatseke, mudzamasule nsalu, mudzandiyang'ane bwinobwino. Pasadzakhale wofunsa kuti mwaika ndani."

Ndinavomera ndi mutu, koma ulendo uno sindinalumbire.